Kubanika kosatha ku Thekerani: zimene mpweya wotuluka m'mapapo ungaulule, ndi zimene sungaulule

Ngati kwanu ndi ku Thekerani m'boma la Thyolo, mukudziwa kuti kulibe ulendo wopanda chitunda. Popita kumunda mumakwera, pokatunga madzi mumatsika n'kukweranso ndowa ili pamutu, ndipo amene amathyola tiyi m'maesiteti amaswera pamalo otsetsereka dengu lili kumsana. N'chifukwa chake munthu amene mapapo ake ayamba kufooka sabisika. Amatsalira m'mbuyo, amaima pafupipafupi manja ali m'chiuno, ndipo ikafika nyengo ya chiperoni mu Juni ndi Julayi amachezera kutsokomola.

Pakhomo ena amati ndi ukalamba, ena amati ndi mphumu, ena amati TB yabwereranso. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma palinso nthenda ina imene ilibe dzina lodziwika m'Chichewa, ndipo achipatala amangoitchula mwachidule kuti COPD. Lero tikufotokozerani za nthendayi komanso za njira ina yopimira mpweya umene munthu amatulutsa, yotchedwa FeNO. Mfundo yoti muigwiritsitse ndi iyi: kupima kumeneku sikuuza dokotala ngati munthu ali ndi COPD kapena ayi. Kumangomuthandiza pa funso limodzi, lakuti kodi wodwala uyu mankhwala a steroid opopera m'kamwa amuthandiza kapena angomuonjezera mavuto. Funso limeneli n'lofunika ku Thekerani ngakhale makina ake kulibe.

COPD n'chiyani?

M'mapapo muli tinjira tambirimbiri ta mpweya, togawikana ngati nthambi za mtengo, ndipo kumapeto kwake kuli timatumba ting'onoting'ono momwe mpweya wabwino umalowera m'magazi. Munthu akapuma utsi kapena fumbi kwa zaka zambiri, tinjirati timatupa, timachepa ndipo timadzaza makhololo. Timatumba tija timang'ambika n'kusiya kutamuka. Zikatero mpweya umalowa koma umavuta kutuluka. Wodwala amabanika akamagwira ntchito, amatsokomola kwa miyezi, ndipo m'chifuwa mwake nthawi zina mumalira ngati likhweru.

Kusiyana kwake ndi mphumu n'kwakuti mphumu imabwera n'kupita, ndipo munthu akalandira mankhwala tinjira timatseguka bwinobwino. Pa COPD zimene zaonongeka sizibwerera mwakale. Nthendayi imakonda kuonekera munthu akapitirira zaka 40, imakula pang'onopang'ono, ndipo sipatsirana.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti m'chaka cha 2021 nthendayi idapha anthu pafupifupi 3.5 miliyoni, zomwe zidaiika pa nambala 4 mwa matenda opha anthu ambiri padziko. Mwa anthu 10 alionse amene amafa nayo asanakwanitse zaka 70, pafupifupi 9 amakhala a m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene.

Ku Ulaya ndi ku America gwero lake lalikulu ndi ndudu. Kuno kwathu ndudu ndi chingambwe ziliponso, koma palinso zina: utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda mawindo, fumbi la kuntchito, zipsera zimene TB imasiya m'mapapo, HIV, mphumu yosasamalidwa, ndi mapapo amene sadakule bwino chifukwa cha chibayo kapena kunyentchera paubwana. Choncho gogo amene sadasutepo chibadwire akhoza kukhala nayo.

Zimene kafukufuku wa m'Malawi adapeza

M'boma la Chikwawa, lomwe lachita malire ndi Thyolo, akatswiri adapima mapapo pa kafukufuku wa anthu akuluakulu 1,481, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2019. Pafupifupi anthu 9 mwa 100 alionse anali ndi tinjira ta mpweya totsekeka, pomwe munthu mmodzi mwa atatu anali ndi mapapo osunga mpweya wochepa kusiyana ndi mmene zimayembekezekera pa msinkhu wake.

Kafukufuku wina, wa anthu 405 amene adatsiriza mankhwala a TB mu mzinda wa Blantyre, adatuluka mu 2020. Adaonetsa kuti pomwe ankauzidwa kuti achira, munthu mmodzi mwa atatu anali ndi mapapo osagwira bwino ntchito. Kachilombo kadafa, koma zipsera zidatsala. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri ku Thyolo, boma limene lakhala likulimbana ndi TB ndi HIV kwa zaka zambiri.

Chimene chimatsimikiza COPD

Makina amene amatsimikiza nthendayi amatchedwa spirometer. Munthu amakoka mpweya wambiri n'kuuzira mwamphamvu mpaka utheretu. Makinawo amayerekeza mpweya umene watuluka m'sekondi yoyamba ndi mpweya wonse. Kenako wodwala amapopera mankhwala otsegula tinjira n'kuuziranso. Ngati mpweya wa sekondi yoyamba ukupereweraberabe kufika magawo 70 pa 100 a mpweya wonse, ndipo munthuyo ali ndi zizindikiro, ndiye kuti ndi COPD. X-ray imathandiza kufufuza TB, khansa ndi matenda a mtima, koma payokha sitsimikiza nthendayi.

M'Malawi makina a spirometer ndi ochepa, ndipo amapezeka makamaka m'zipatala zikuluzikulu ndi m'malo a kafukufuku. Izi zikutanthauza kuti achipatala a kumudzi amadalira kwambiri mbiri ya wodwala, ndipo mbiriyo mumaisunga ndinu a pabanja.

Nanga FeNO n'chiyani?

Thupi lathu limapanga mpweya wina wosaoneka wotchedwa nitric oxide. Mpweyawu umathandiza mitsempha ya magazi kumasuka, ndipo akatswiri atatu a ku America, Robert Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad, adalandira mphoto ya Nobel mu 1998 chifukwa chotulukira ntchito imeneyi. Mu 1991 Lars Gustafsson wa ku Sweden ndi anzake adaonetsa kuti mpweyawu umapezekanso mumpweya umene timatulutsa popuma. Patapita zaka ziwiri, Kjell Alving, wa ku Sweden komweko, adapeza kuti umakhala wochuluka mwa odwala mphumu. Apa m'pamene padayambira njira ya FeNO, yomwe ndi kuyeza kuchuluka kwa nitric oxide mumpweya wotuluka.

Kupimako sikupweteka ndipo sikufuna magazi. Munthu amauzira m'kamakina kotha kunyamula m'manja, mosathamanga, mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kwa masekondi pafupifupi 10, ngati akuziziritsa phala. Posakhalitsa nambala imaoneka. Muyeso wake ndi ppb, kutanthauza magawo pa biliyoni imodzi. Kuti muone kuchepa kwake, gawo limodzi pa biliyoni lili ngati sekondi imodzi pa zaka pafupifupi 32.

Malangizo amene bungwe la American Thoracic Society lidatulutsa mu 2011 amati kwa munthu wamkulu nambala yochepera 25 ndi yotsika, yapakati pa 25 ndi 50 ndi yapakatikati, ndipo yopitirira 50 ndi yokwera. Kwa ana malire ake ndi 20 ndi 35.

Njirayi idagwiritsidwapo kale ntchito m'Malawi. Kafukufuku wa ACACIA, amene adachitika m'sukulu za ku Blantyre, Harare, Durban, Kampala, Kumasi ndi Lagos ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2024, adapima ana ndi spirometer komanso FeNO. Adapeza kuti ambiri mwa ana amene anali ndi zizindikiro zazikulu za mphumu anali asanauzidwepo kuchipatala kuti ali ndi nthendayi. Koma kupima FeNO sikuli m'gulu la zoyeza za tsiku ndi tsiku m'zipatala zathu za kumudzi. Kamakinako n'kodula, kachipangizo kake kam'kati kamatha ntchito pakapita nthawi, ndipo wodwala aliyense amafunika kapaipi kakekake kouziramo.

Kutupa kuli mitundu iwiri

Mlimi amadziwa kuti chimanga chikhoza kufota chifukwa cha mbozi kapena chifukwa cha ng'amba. Ukachionera patali n'chimodzimodzi, koma mankhwala a mbozi sangathandize chimanga chofuna madzi. Kutupa kwa tinjira ta mpweya kulinso choncho.

Mtundu woyamba umayenda ndi maselo oyera a m'magazi otchedwa eosinophil. Umenewu ndiwo umapezeka mwa odwala mphumu ambiri. Khungu lam'kati mwa tinjira likatupa mwa njira imeneyi limapanga nitric oxide wochuluka, FeNO imakwera, ndipo mankhwala a steroid amagwira bwino ntchito. Mtundu wachiwiri umayenda ndi maselo ena otchedwa neutrophil, umadza kwambiri chifukwa cha utsi ndi tizilombo, ndipo sumvera kwenikweni steroid. Odwala COPD ambiri ali ndi mtundu wachiwiriwu. Koma pakati pa odwala awiri ndi anayi mwa 10 alionse amakhalanso ndi kutupa kwa mtundu woyamba, ndipo ena amakhala ndi mphumu ndi COPD nthawi imodzi. Amenewa ndi amene dokotala amafuna kuwazindikira.

Taganizirani amayi awiri a zaka za m'ma 50, onse obanika pokwera chitunda. Woyamba adayamba kubanika ali mtsikana, amadzuka usiku m'chifuwa mukulira, amayetsemula akayandikira fumbi, ndipo mwana wake ali ndi mphumu. Wachiwiri adali bwinobwino mpaka adadwala TB kawiri, ndipo tsopano amatulutsa makhololo ambiri m'mawa uliwonse. Atapimidwa, n'zotheka kuti woyambayo FeNO yake ingakwere ndipo wachiwiriyo ingatsike. Woyamba steroid wopopera akhoza kusintha moyo wake. Wachiwiri mankhwala omwewo akhoza kumuika pangozi popanda phindu lenileni.

Bwanji osangopatsa aliyense?

Mankhwala opopera amene amapezeka kawirikawiri m'zipatala zathu ndi awiri. Salbutamol, yemwe nthawi zambiri amakhala m'kabotolo ka buluu, amatsegula tinjira mwachangu kwa maola ochepa. Beclometasone, yemwe nthawi zambiri amakhala m'kabotolo kofiirira, ndi steroid, ndipo amachepetsa kutupa pang'onopang'ono akamagwiritsidwa ntchito tsiku lililonse. Kwa wodwala mphumu, steroid wopopera ndiye mankhwala opulumutsa moyo, ndipo musamusiyitse mwana kapena wamkulu chifukwa cha zimene mukuwerenga pano.

Pa COPD nkhani ndi ina. Maziko a chithandizo ndi mankhwala otsegula tinjira, makamaka ogwira ntchito tsiku lonse. Steroid amaonjezeredwa kwa okhawo amene nthenda imawayambira pafupipafupi ndipo ali ndi zizindikiro za kutupa kwa mtundu woyamba uja. Chifukwa chake n'chakuti kafukufuku wambiri waonetsa kuti steroid wopopera amaonjezera mpata wodwala chibayo kwa anthu a COPD, komanso mpata wodwala TB, makamaka akamapatsidwa wochuluka. Kudera kumene TB ili pakhomo ndi pakhomo, iyi si nkhani yamasewera.

Malangizo a GOLD, omwe madokotala padziko lonse amatsatira pa nthendayi, amadalira kuwerenga maselo a eosinophil m'magazi posankha. Akachepera 100 pa muyeso wa labotale, steroid sathandiza kwenikweni. Akafika 300 kapena kuposa, mwayi wothandiza ndi waukulu. FeNO sinavomerezedwe kuti izigwiritsidwa ntchito payokha posankha mankhwala a COPD; imangoonjezera umboni. Chidwi pa njirayi chidakula pamene kafukufuku wa BOREAS wa mu 2023 adaonetsa kuti jakisoni wa dupilumab amachepetsa ndi magawo pafupifupi 30 pa 100 nthawi zimene nthenda imakula mwadzidzidzi mwa odwala a eosinophil wochuluka, ndipo amene FeNO yawo idafika 20 kapena kuposa adapindula kwambiri. Jakisoniyu adavomerezedwa pa COPD ku Ulaya ndi ku America mu 2024, koma ndi wokwera mtengo kwambiri.

Nambala ikhoza kusokeretsa

Ngati inu kapena m'bale wanu mutapatsidwa mwayi wopimidwa ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku South Africa kumene ambiri amapita kukagwira ntchito, dziwani zinthu zimene zimasokoneza zotsatira. Kusuta kumatsitsa FeNO, choncho wosuta akhoza kuoneka ngati alibe kutupa pomwe ali nako. Steroid, wopopera kapena wakumwa, amaitsitsanso. Chimfine ndi matenda oyetsemula pafupipafupi zimaikweza. Ndiwo zamasamba zina, monga sipinachi, letesi ndi bitiruti, zimaikweza kwa maola angapo mukangodya. N'chifukwa chake achipatala amapempha kuti musadye, musasute ndipo musagwire ntchito yolemetsa kwa ola limodzi kapena kuposa musanapimidwe, ndipo FeNO amaipima asanakuuzitseni mu spirometer.

Kuyeza magazi nako kuli ndi msampha wake kuno kwathu. Njoka za m'mimba ndi likodzo zimachulukitsa maselo a eosinophil ngakhale mapapo alibe kutupa kwa mtundu umenewu. Ngati wodwala amalima kudimba, amasamba kumtsinje kapena adakodzapo magazi, nenani. Komanso si makina onse oyezera magazi amene amawerenga eosinophil paokha. Ena amawaphatikiza ndi maselo ena. Dokotala akafuna nambalayi akhoza kukutumizani kuchipatala chachikulu.

Zimene mungachite popanda makina

Choyamba ndi TB. Aliyense amene watsokomola milungu iwiri, kapena amene ali ndi HIV ndipo akutsokomola ngakhale kwa masiku ochepa, apereke makhololo kuti ayezedwe. Akapezeka kuti alibe TB koma chifuwa ndi kubanika zikupitirira, abwerere kuchipatala. Kusapezeka ndi TB sikutanthauza kuti mapapo ali bwino. Ndipo amene adachira TB koma akubanikabe asangoganiza kuti akufunika kuyambanso mankhwala omwe aja popanda kuyezedwa.

Chachiwiri, pitani ndi mbiri yokwanira, chifukwa mafunso amene FeNO imathandiza kuyankha, mbiri yabwino imawayankhanso mbali ina. Kubanikaku kudayamba ali ndi zaka zingati? Kumabwera n'kupita kapena kulipo masiku onse? Kumawadzutsa usiku? Pabanja alipo wa mphumu? Adadwalapo TB kapena chibayo kangati? Amasuta, kapena adasiya liti? Aphika pa nkhuni zaka zingati, ndipo amaphikira m'nyumba kapena panja? Amagwira ntchito pa fumbi? M'miyezi 12 yapitayi adathamangira nawo kuchipatala kangati chifukwa cha kubanika? Funso lomalizali n'lofunika kwambiri posankha mankhwala. Onetsetsani kuti ulendo uliwonse walembedwa m'kabuku kakuchipatala, ndipo musasinthe kabuku popanda kusunga kakale.

Chachitatu, nenani mankhwala onse amene wodwala akumwa. Ma ARV ena, makamaka okhala ndi ritonavir, sayenderana ndi mitundu ina ya steroid wopopera. Ndipo pewani kugula mapiritsi a prednisolone pamsika kapena m'golosale. Amapeputsadi chifuwa, ndipo achipatala amawapereka kwa masiku ochepa, kawirikawiri asanu, nthenda ikakula mwadzidzidzi. Koma kumwa kwa miyezi kumabweretsa shuga, kuthamanga kwa magazi, kufooka kwa mafupa ndi kutsika kwa chitetezo cha m'thupi.

Chachinayi, mankhwala opopera azilowadi m'mapapo. Ambiri amapopera n'kuthera pa lilime. Pemphani wachipatala kapena namwino kuti akuonetseni, kenako inu muchite iye akuona. Botolo la pulasitiki la 500ml loboola kumunsi kuti kabotolo ka mankhwala kalowe limathandiza kwambiri. Kafukufuku wa Heather Zar ndi anzake ku Cape Town mu 1999 adaonetsa kuti pa ana a mphumu limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula. Mukatha kupopera steroid, chukuchani m'kamwa n'kulavula kuti mupewe zilonda zoyera.

Chachisanu ndi utsi. Kusiya fodya ndiko kumachedwetsa nthendayi kuposa mankhwala ena alionse. Phikirani panja kapena pamalo opita mphepo, gwiritsani ntchito nkhuni zouma, ndipo m'nyengo yozizira musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Mbaula zosawononga nkhuni ndi zabwino, koma musaziyese katemera. Kafukufuku wa CAPS, amene adatsatira ana oposa 10,000 ku Chikwawa ndi ku Chilumba m'boma la Karonga, adapeza kuti mbaula zamakono pazokha sizidachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Utsi umachokeranso ku zinyalala zootcha, moto wa kumunda ndi makhitchini a oyandikana nawo.

Chachisanu ndi chimodzi, wodwala asangokhala. Kuopa kubanika kumachititsa munthu kusiya kuyenda, minofu imafooka, ndipo kubanika kumakula. Aziyenda tsiku lililonse pamalo athyathyathya, azipuma akatopa, aziyambanso. Azikoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono milomo atainyinda ngati akuimba likhweru.

Kwa makolo ndi mavolontiya

Mapapo amakula mpaka munthu atafika zaka za m'ma 20 zoyambirira. Mwana amene wadwala chibayo mobwerezabwereza, wanyentchera, kapena wakulira kumsana kwa amayi ake pamafuwa, akhoza kufika pa ukulu ndi mapapo operewera. Katemera wa ana, kuyamwitsa, chakudya chamagulu ndi kuchotsa khanda pa utsi pophika ndi njira zopewera COPD ya zaka 40 zikubwerazo. Mwana amene m'chifuwa mumalira usiku kapena akathamanga apite kuchipatala, osadikira kuti akula nazo.

Inu mavolontiya, Thyolo ali ndi mbiri yabwino ya ntchito yanu kuyambira pamene bungwe la MSF lidayamba kugwira ntchito m'bomali mu 1997 pa nkhani za HIV ndi TB. Luso lomwelo loyendera odwala khomo ndi khomo likufunika pa matenda a mapapo. Dziwani anthu a m'mudzi mwanu amene adatsiriza mankhwala a TB koma akubanikabe, ndipo muwadziwitse alangizi a zaumoyo. Pokayendera wodwala, muuzeni akuonetseni mmene amapopera mankhwala, onani ngati kabotolo sikadathe, ndipo onani pamene amaphikira.

Thamangirani naye kuchipatala cha Thekerani kapena china chapafupi wodwala akalephera kutsiriza chiganizo chifukwa chobanika, milomo kapena zikhadabo zikada, akayamba kusokonezeka kapena kuodzera kosadziwika bwino, akatsokomola magazi, miyendo ikatupa, kapena thupi likatentha makhololo n'kusintha mtundu. Poti misewu ya kumapiri imavuta nthawi ya mvula, kambiranani za mayendedwe tsokalo lisanagwe.

Ndipo mukapatsidwa kabotolo kofiirira, muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu: kodi a dokotala mukuganiza kuti ndi mphumu kapena COPD, TB tayeza, ndipo tibwere liti kuti muone ngati mankhwalawa akuthandiza? Tsiku lobwereralo lilembedwe m'kabuku, ndipo mulisunge.